Chitofu cha Mayi pa Msewu wa ku Esquel

Mmawa wa Lachisanu, chisanu chidakali pa waya wa mpanda,
bambo anatsamira ndodo pafupi ndi ngolo
n'kumayang'ana manja anga.
Awo amanjenjemera masiku ano.
Dokotala anawalanda makiyi mwaulemu chaka chatha.

"Chitofu chiyambe, Maite.
Cholemera chikhale kutsogolo kwa ekiselo.
Mchira ukalemera umalamulira mutu."
Ine ndi Fermín, mwana wa aneba, tinachikankha,
chitsulo chakuda chimene mayi anaphikirapo zaka makumi atatu,
kenako bedi, mbale zokutidwa m'manyuzipepala,
chishalo chopanda hatchi yochivala.
Zingwe tinakunga mpaka kulira ngati gitala.

Ndinagwada pa miyala.
Kamwa la ngolo linameza mpira wachitsulo, kha!
"Kokera m'mwamba. Phokoso lokha usalikhulupirire."
Ndinakoka, galimoto inanyamuka pang'ono, kamwa silinalavule.
Pini ndinalowetsa.
Maunyolo awiri ndinawapingasa kunsi
ngati manja odikira kuwakha chogwa.
Fermín kumbuyo akufuula:
yakumanzere yayaka, yakumanja yayaka, ya buleki imodzi yafa!
Theka la ola linathera pa kupala dzimbiri ndi mpeni,
lina pa kuyeza mpweya matayala asanatenthe,
bambo osayang'ana wotchi n'komwe.

Nyumba inachepa m'galasi.
Sanacheuke. Ine ndiye ndinacheuka, kawiri.

Titangodutsa mlatho anati tiime.
Chingwe cha bedi chinali chitalefuka kale.
"Katundu amakhazikika akalawa msewu," anatero,
akundipatsira chikho cha mate chowawa.

Kupitirira Tecka dziko ndi lathyathyathya,
udzu wofiirira, nkhosa ngati miyala,
ndi mphepo yochokera ku mapiri a Andes
imene sipempha njira kwa munthu.
Ndinkayenda pang'ono, anzathu akutipitirira,
wina mpaka kuliza hutala.
"Msiye. Iye sakukoka kanthu.
Wakutsogoloyo umpatse mtunda wautali;
buleki yako lero ikuimitsa nyumba yonse."

Ndiye kunabwera lole ya ubweya.
Inatidutsa ngati khoma likuthamanga,
ndipo ngolo inayamba kuvina.
Kumanzere. Kumanja. Kumanzere kwambiri.
Ndinaimva m'chiuno ndisanaione m'galasi.
Phazi langa linathamangira buleki lokha.

"Ayi."
Liwu lotsika, longa akulankhula ndi hatchi yodzidzimuka.
"Chotsa phazi pa moto, pang'onopang'ono.
Chiwongolero chigwire chilili. Usalimbane nayo."
Dzanja lawo lonjenjemera linagona pa bondo langa,
ndipo sindikudziwa ngati linaleka kunjenjemera
kapena ndine ndinkanjenjemera mofanana nalo.
Kuvina kunachepa, kunachepa,
ngolo inabwerera m'mapazi athu.

Tinaima m'mbali. Ndinakhudza matayala, ofunda chabe.
M'bokosi limodzi munamveka mbale yosweka.
Bambo anaseka: "Ndi yobiriwira ija. Mayi ako ankaida."

Potsetsereka ndinatsitsa giya, injini n'kumabuula.
Pa makona a m'tauni ndinkakhota motakasuka,
poti ngolo imadula njira, sitsata pomwe wadutsa iwe.

Geti la kwa mkulu wanga Amparo ndi lopapatiza,
ndipo kunafunika kulowa chafutambuyo.
"Dzanja pansi pa chiwongolero.
Komwe dzanja lapita, mchira upita komweko."
Kanayi ndinalephera, ngolo ikupindika ngati chigongono,
ana a Amparo akuomba m'manja pa khonde.
Kachisanu inalowa.

Ndinatchinga matayala ndi njerwa ndisanamasule pini.
Bambo anatsika mochedwa,
anazungulira ngolo, nasisita chitofu chozizira.
Sanandiyamike; si khalidwe lawo.
Anangofunsa ngati Lolemba ndingabwerere
kukatenga ming'oma ya njuchi,
"koma usiku, zitagona,
ndipo ine sindipita nawo."